Kaloyan Atsitsa Galimoto ya Bambo Ake

Pakhomo pa a Tsvetan, m'mudzi wina wa kufupi ndi Pazardzhik, panali mtendere. Bambowo ankayendetsa malole opita ku Germany, mayi Radka ankasamala pakhomo ngakhale mawondo ankawavuta, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Kaloyan, anali atangotenga kumene laisensi yoyendetsera galimoto. Lamulungu lililonse ankaperekeza mayi ake kutchalitchi kukayatsa kandulo. Anali mwana wabwino ndithu, pamenepo tisamunamizire.

Tsiku lonyamuka ulendo wa miyezi itatu, bambo anamupatsa makiyi a galimoto yawo yakale.

"Iyi si yokadzionetsera kwa atsikana ayi," anatero. "Uziwatengera amako kumene akufuna, ndipo usaikhudze ndi sipanala. Wamva?"

Kaloyan anati wamva.

Loweruka masana anyamata ankasonkhana pamalo omwetsera mafuta, aliyense ndi galimoto yake yokhala ngati yagona chafufumimba. Kaloyan atafika, Plamen, makaniko wa pakamwa posatopa, anawerama n'kusuzumira kunsi.

"Aise, wabwera pa thirakitala? Pansi apa mbuzi ikhoza kudutsa osawerama!"

Onse anafa nacho chikhakhali, atsikana omwe. Kaloyan anaseka nawo, koma mtima unamuwawa zedi. Plamen anamukokera pambali n'kumuuza kuti ali ndi masipuling'i aafupi, ofiira, otsitsa galimoto mpaka dzanja osalowa pakati pa tayala ndi madigadi. Ndalama sankafuna. Ankangofuna masipuling'i akalewo ndi matayala anayi a nyengo yachisanu amene a Tsvetan ankasunga m'chipinda chapansi.

"Mdala wako akamabwera udzakhala utapeza ena. Ukuopa chiyani, ndiwe khanda?"

Lolemba, mayi ake atagona tulo ta masana, Kaloyan anatulutsa matayala aja limodzilimodzi ngati wakuba. Ndipotu anali wakuba, kungoti ankaba kwawo komwe.

Plamen atamanga masipuling'i aja, galimoto inatsikadi, anzake a Kaloyan n'kumuombera m'manja. Koma mayi Radka anadabwa kuti bwanji tsopano akafuna kutuluka akuvutika kudzuka pampando, ndipo kabampu kalikonse kakuwagwedeza msana. Kaloyan anawauza kuti galimotoyo yangokalamba, yayamba kutsika yokha. Mayi anati ngati pali vuto auze bambo ake, asabise. Koma pafoni Kaloyan anawauza bambowo kuti zonse zili bwinobwino.

Msewu wolowa m'mudzimo unkadutsa panjanji, pamalo okwera opanda chotchinga, pongokhala nyale ndi belu. Ngakhale ali yekha, Kaloyan ankadutsapo mopingasa, pang'onopang'ono, kunsi kukumveka kwee. Ankangokweza wailesi kuti asamve.

Mu Seputembala, nyengo yootcha tsabola wofiira ndi kuphika zosunga m'mabotolo, mayi anati awatengere kumsika wa m'tauni. Anagula matumba a tsabola, mabokosi a tomato, thumba la mbatata ndi zigubu za mafuta ophikira. Buti inadzaza, mpando wakumbuyo unadzazanso. Kaloyan anayang'ana matayala akumbuyo, ndipo anali atalowa m'madigadi. Anadziwa pompo kuti panjanji paja sadutsa bwino. Mawu anafika pakhosi, koma kunena kuti katundu wachuluka kukanaulula zonse. Anatseka buti n'kuliza injini.

Atafika panjanji, matayala akutsogolo anawoloka, kenaka kunamveka gu! Mimba ya galimoto inakhala pachitsulo. Anaponda moto, matayala n'kumangozungulira. Anayesa chambuyo, osatheka. Ndiye belu linayamba kulira, nyale zofiira zikuphethira.

"Amayi, tulukani!"

Mayi Radka anatsekula chitseko, koma mpando unali pansi kwambiri, mawondo anakana. Kaloyan anathamangira mbali yawo, n'kuwagwira m'khwapa, n'kuwakoka ndi mphamvu zake zonse. Anagwera limodzi pamiyala ya m'mbali mwa njanji, ndipo anamva ndi makutu ake fupa likuthyoka. Sitima ya katundu inaikankha galimotoyo mtunda wautali, tomato n'kumwazikana m'munda monse.

Madokotala anati chiuno cha mayi Radka chathyoka moipa, ndipo pamsinkhu wawowo, ndi mawondo otero, za kuyendanso aiwale. A Tsvetan anafika patapita masiku awiri. Anayamba akaona chibenthu cha galimoto, ndipo masipuling'i ofiira aja anawaona. Atakumana ndi mwana wawo pakhonde la chipatala sanakalipe, ndipo Kaloyan analakalaka akanangomumenya. Plamen sanabwere n'komwe kudzazonda.

M'chipindamo mayi anali akulira. Anagwira dzanja la amuna awo n'kumati, "Musamudzudzule mwanayu, abambo. Wolakwa ndine. Dyera langa, kugula katundu yense uja ngati ndikudyetsa mudzi. Iyeyu wandipulumutsa."

A Tsvetan anangotembenuka n'kumuyang'ana Kaloyan, kudikira.

Mnyamatayo anagwada pambali pa bedi. Ananena zonse: za matayala, za masipuling'i, za bodza la pafoni, ndiponso kuti kumsika kuja anaona yekha kuti galimoto yatsikitsa koma anasankha kukhala chete. Mayi anasiya kulira.

"Unadziwa, mwana wanga? Ine n'kukwera, iwe ukudziwa?"

"Ndinadziwa, amayi."

Anamukhululukira, poti mayi ndi mayi, ndipo Kaloyan anakaulula tchimo lake kwa wansembe ndi mtima wosweka. Koma chiuno sichinalumikizike chifukwa cha kulapako. Lero Kaloyan ndiye amawanyamula mayi akewo m'mawa uliwonse kuwachotsa pabedi kuwaika panjinga ya olumala, ndipo akamati zikomo, iye amayang'ana pansi.

Achinyamata inu, kufuna kutamandidwa ndi anzanu kudzakubetsani za makolo anu, ndipo kuba kudzakunamitsani. Mukalakwa, ululani tsiku lomwelo, nthawi ikadalipo. Kaloyan anali ndi mpata wolankhula ataimirira pamsika, koma anadzalankhula atagwada m'chipatala, mayi ake atalumala kale.