Chibwenzi cha M'galimoto ya Maliro

Mwamuna woyamba amene Verlie Tubbs anamukonda anamupeza m'bokosi la maliro. Kwathu kuno ku Alabama anthu amasekabe akaikumbukira nkhaniyi, koma mwini wake saseka nawo.

Unali m'mawa wa chifunga, chaka cha 1965. Verlie ankagwira ntchito m'nyumba yokonzera maliro ya amalume ake, bambo Lovelace. Ankawongola tsitsi la mayi wina amene anamwalira dzulo lake, uku akuwalankhula motsitsa mawu monga ankachitira ndi mtembo uliwonse.

"Musadandaule mayi, mukafika uko mukuoneka bwino."

"Nanga ine mundipesa liti, achemwali?"

Chipeso chinagwa pansi. Mawuwo anali a mwamuna, koma m'chipindamo munalibe mwamuna wamoyo. Pakona, chivindikiro cha bokosi lina chinayamba kutukuka pang'onopang'ono. Panatuluka zala, kenako nkhope yotupa diso limodzi, ikumwetulira.

Verlie anadumphira m'mbuyo. Amalume ake analowa akupukuta m'manja.

"Usathawe mwana iwe. Uyu ndi Cleavon Rudd, wa bungwe lolembetsa anthu akuda kuti azivota. Apolisi akumusaka. Lero umutengere ku boma linalo."

"Amalume, mukanandiuza."

"Ndikanakuuza ukanagona?"

Masiku amenewo galimoto yokhayo ya munthu wakuda imene apolisi sankafuna kusuzumiramo inali ya maliro. Kaya ankaopa fungo, kaya mizimu ya anthu amene iwo eni anawazunza, ife sitinawafunse. Bambo Lovelace anaboola timabowo pansi pa zogwirira bokosi kuti munthu azipuma, ndipo woyendetsa anali Verlie, chifukwa mkazi wovala zakuda ndi chipewa ankadutsa pamsewu ngati mthunzi.

Ulendo woyamba Cleavon sanatseke pakamwa. Mawu ake ankachokera kumbuyo, ofooka ndi matabwa, ngati a munthu wolankhula ali pansi pa nthaka.

"Achemwali, muli pabanja?"

"Akufa safunsa zimenezo."

"Ine ndafa lero lomwe, nditakuonani."

"Gonani bwino ndiye, manda ali pafupi."

Verlie anaseka yekha pachiwongolero, kenako anachita manyazi ngakhale panalibe womuona.

Maulendo anachuluka, poti Cleavon ankalembetsa anthu m'maboma osiyanasiyana. Minda ya thonje kuno ndi uko, chifunga chikukwawa m'mizere, khwangwala pamtengo wa telefoni, ndi mawu okoma ochokera m'bokosi. Posakhalitsa "achemwali" anasanduka "dali wanga", kenako "mngelo wanga wa chipewa chakuda". Akafika kuthengo, Verlie ankatsegula chivindikiro, n'kumupatsa nkhuku yokazinga ndi chigumu, ndipo Cleavon ankapsompsona zala zake zonunkha mafuta a tsitsi.

"Nkhondo iyi ikatha ndidzakukwatira. Ndalumbira ndili m'bokosi, ndiye bodza ndilitenga kuti?"

Mtsikana anagwa m'chikondi chagada. Inu mukanatani? Anyamata a m'tauni mwathu ankaopa ngakhale kumugwira dzanja, ati limagwira mitembo.

Tsiku lina masana, msewu uli zii, Verlie anayamba kunena zimene sanauzepo munthu. N'kosavuta kuulula zakukhosi kwa munthu amene sukumuona nkhope.

"Ndinali ndi mng'ono wanga, dzina lake Idonia. Anatenga mimba asanakwatiwe. Tsiku lobereka magazi sanaleke, ndiye ndinamunyamula m'galimoto yomweyi mpaka kuchipatala cha azungu, poti chathu chili kutali. Ndinagogoda chitseko cha galasi. Namwino anabwera, anatiyang'ana, n'kukoka katani."

Verlie anapitiriza, maso ali pamsewu.

"Ndinabwerera kugalimoto. Idonia anandifunsa kuti, 'Akutsegula?' Ine ndinati, 'Eya, akufuna makiyi.' Anamwalira akudikira makiyiwo. Tsitsi lake ndinalipesa ndekha."

"Imitsa galimoto, dali."

Anaimitsa. Cleavon anatuluka misozi ili m'maso, namukumbatira pakati pa msewu.

"Dziko lonse liyenera kumva zimenezi, ndipo lizimve kuchokera pakamwa pako. Pa chionetsero chachikulu chimene tikukonza udzaima pansanja pambali panga, udzatchula dzina lake. Ili ndi lonjezo langa."

Kuyambira tsiku limenelo Verlie ankayeserera mawu ake pamaso pa mitembo. Ankaima pakati pa chipinda chozizira, n'kufotokoza za Idonia kwa anthu ogona manja ali pachifuwa. Omvera otere sadula munthu mawu.

Msonkhano wokonza chionetsero unachitikira m'chipinda choonetsera mabokosi, chifukwa matchalitchi ankatenthedwa. Anthu anakhala pamabenchi pakati pa mabokosi otsegula pakamwa. Abusa Threadgill, wapampando, anatchula amene adzalankhule pakhomo la bwalo la milandu. Onse anali amuna, kupatula Marcia, mtsikana wachizungu wa ku yunivesite ya kumpoto amene anabwera kudzathandiza.

Mnyamata wina anadzuka. "Mzungu pansanja yathu? Ngakhale kulira kwathu atilirire ndi iwo?"

"Khala pansi mwana wanga," anatero abusa. "Atolankhani amatsata nkhope yoyera. Ukufuna atimenye popanda wojambula?"

Verlie anaimirira. "Abusa, ine ndikufuna ndidzalankhule za mng'ono wanga."

Abusa anavula magalasi.

"Mlongo, ntchito yanu tikuiyamikira kwambiri. Amayi ndinu msana wa gulu lino."

"Msana suoneka, abusa. Amene ankagogoda m'makomo kulembetsa anthu ndani? Amene amayendetsa galimoto apolisi ali pambuyo ndani? Kufa tingafe limodzi, koma kulankhula ayi?"

Amayi ena kumbuyo anati, "Nena, mwana." Marcia anakweza dzanja, nkhope ili psuu.

"Malo anga ndingamupatse Verlie. Ine ndinabwera miyezi yapitayi, iye anabadwira kuno."

"Zikomo, koma sindikupempha malo a munthu wina," anayankha Verlie. "Ndikufuna anga."

Abusa anati nkhaniyo ikatheretu ndi akomiti. Amuna okhaokha analowa m'chipinda chosambitsira mitembo n'kutseka chitseko. Cleavon polowa anamutsinzinira diso Verlie. Potuluka anamukokera pakhonde, nkhope ili yakugwa.

"Ndakumenyera nkhondo, dali, mpaka mawu andithera. Andigonjetsa. Koma usalire, tsiku lako lidzafika."

Verlie anamupukuta thukuta pachipumi ndi mpango wake. Anamumvera chisoni iyeyo, taonani chikondi.

Tsiku la chionetsero kumwamba kunali kwa phulusa, kopanda dzuwa, kopanda mphepo. Apolisi anandanda tsidya la msewu ndi agalu amene sankauwa. Verlie anaima kumbuyo kwa khamu, pambali pa galimoto ya maliro, akugawa madzi. Abusa anapemphera. Marcia analankhula mwachidule, makamera n'kung'anima. Kenako Cleavon anakwera pansanja.

"Ndinali ndi m'bale wanga, mnyamata wolimbikira ntchito, woopa Mulungu. Anavulala kumunda, magazi sanaleke. Ndinamunyamula mpaka kuchipatala cha azungu. Ndinagogoda chitseko cha galasi."

Kapu ya madzi inapendekeka m'dzanja la Verlie.

"Namwino anatiyang'ana, n'kukoka katani. M'bale wanga anandifunsa kuti, 'Akutsegula?' Ine ndinati, 'Eya, akufuna makiyi.' Abale anga, mpaka lero tikudikira makiyi amenewo!"

Khamu linabuula. Amayi anakweza manja, amuna akuluakulu anabisa nkhope m'zipewa. Anthu ambirimbiri ankalira mnyamata amene sanabadwepo. Verlie anamva kuzizira kukukwera kuchokera kumapazi. Zinali ngati Idonia waima pambali pake, akumvera imfa yake ikuperekedwa kwa munthu wina.

Agalu anamasulidwa. Anthu anabalalika. Madzulo asanafike, mkulu wa apolisi analengeza kuti akufuna Cleavon Rudd, ndipo kwathu munthu wofunidwa choncho ankapezeka mumtsinje.

Verlie atafika kunyumba ya maliro anapeza amalume ake akumanga zomangira za chivindikiro. Cleavon anali kale m'kati. Bambo Lovelace anamukokera Verlie panja, pomwe bokosi silingamve.

"Umuwolotse mpaka ku Tennessee, kuli anthu akumudikira. Ukakana ndiyendetsa ndine, sindikuimba mlandu."

"Amalume, muja m'chipinda munali inu. Anandimenyera nkhondo?"

Mkuluyo anayang'ana nsapato zake. "Abusa anali atatsala pang'ono kuvomera. Woyamba kukana anali iyeyu. Anati mtsikana wa mimba yapathengo atichititsa manyazi, azungu adzati taonani khalidwe lawo. Anati nkhani ndi yabwino, ingofunika kuichapa."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinakhala chete, mwana wanga. Chonsecho Idonia ndinamulera ndine."

Verlie anavala chipewa chake n'kutenga makiyi a galimoto.

Pamlatho apolisi anawaimitsa. Wina anazungulira galimoto, akugogoda magalasi ndi ndodo.

"Wanyamula ndani, mtsikana iwe?"

"Maliro, bwana. Chifuwa chachikulu. Ndikutsegulireni?"

Wapolisi anabwerera m'mbuyo n'kulavula. Mawu amodzi okha akanakwana kumupereka Cleavon, ndipo Verlie anawamva akuyabwa palilime. Anawameza.

Atadutsa, bokosi linayamba kulankhula.

"Wandipulumutsanso, mngelo wanga. Wamva mmene analirira? Nkhani yako yagwedeza dziko."

Verlie anakhota kusiya msewu waukulu, n'kulowa kanjira ka matope kopita kumanda a anthu akuda, kuseri kwa mpanda wa manda a azungu. Mvula yowaza inali itayamba, ndipo nkhungu inali itakuta mitengo. Anamasula chivindikiro.

Cleavon anadzuka, nayang'ana uku ndi uku. "Tili kuti? Dali, kuno si Tennessee."

"Tsika."

Anamutsogolera pakati pa mitumbira mpaka pa manda aang'ono okhala ndi chikwangwani cha malata. Verlie anaima kutsogolo kwa chikwangwanicho, diresi lake lakuda likuphimba zolembedwapo.

"Amene wamudyera masuku pamutu lero wagona apa. Mupepese."

"Verlie, tamvera. Ndinachita zimenezi chifukwa cha gulu. Azungu akanamva za mimba ija akanatiseka tonse, ngakhale iyeyo akanamunyoza m'manyuzipepala. Ndinamuteteza. Tikapeza ufulu, za amayi tidzazikonza, zinthu zimayenda chimodzichimodzi."

"Anafa chifukwa ndi wakuda, anafanso chifukwa ndi mkazi. Iwe watenga theka limene umalifuna, linalo walikwirira."

"Ndimakukonda. Zimenezo ndiye si bodza."

Mwina sizinalidi bodza, ndipo chimene chinkamupweteka Verlie n'chakuti nayenso ankamukondabe. Mtima wake unkafunafuna pothawira, kachifukwa kalikonse koti amukhululukire.

"Chabwino. Mutchule dzina lake, pano, iye akumva. Ukatero tikwera galimoto, ndidzakudikira mpaka udzabwere."

Cleavon anatsegula pakamwa. Mvula inkagogoda pachikwangwani cha malata.

"Ndi... Leona."

Verlie anangomuyang'ana.

"Ayi, dikira. Ida. Idella? Dali, mutu wanga wasokonezeka, lero ndaona zambiri."

Mawu onena za namwino ndi katani, galasi ndi makiyi, onse anawasunga osataya ngakhale limodzi. Dzina lokha ndi limene analibe nalo ntchito.

Kutali, cha kumlatho, kunamveka kuuwa kwa agalu. Cleavon anatembenuka, nkhope itatuwa. Anayang'ana thengo, anayang'ana galimoto, kenako anayang'ana mkazi amene moyo wake unali m'manja mwake.

"Undisiya kuno?"

"Ine sinditaya munthu pakhomo. Lowa."

Cleavon anakwera yekha m'bokosi, nagona chagada, manja pachifuwa. Verlie anagwira chivindikiro.

"Verlie, ndiuze dzinalo. Ndikafika kumpoto ndikalitchula paliponse, ndikulonjeza."

"Ndidzalitchula ndekha."

Anatseka, namanga zomangira zonse bwinobwino, naona kuti timabowo topumira sitinatsekeke.

Njira yonse ya ku Tennessee bokosi linkaitana. Linati dali, linati mngelo wanga, linalonjeza mphete ndi nyumba ya njerwa, kenako linangotsala kugogoda pang'onopang'ono. Verlie sanayankhe ngakhale kamodzi. Anali atanyamula maliro ambiri pamsewu umenewo, a ana ndi a akulu, maso ali gwa. Tsiku limenelo anayendetsa akulira ngati wamasiye, chonsecho wa m'bokosiyo ankapuma.