Kalata Imene Dolly Anawerenga Mokweza

Tsiku limene Dolly Manda anakumana ndi Paston, Ilala inali itangokocheza padoko la Nkhata Bay. Munali mu 1955. Dolly anali pakhonde la positi ofesi, pamene ankakhala tsiku lililonse la sitima, kuwerengera ndi kulembera makalata anthu osaphunzira. Amayi ambiri amene amuna awo anali ku Halale ankamva mawu a amuna awowo kudzera pakamwa pa mtsikanayu.

Pamzerepo panafika mwamuna wa suti yotuwa ndi nsapato zoti munthu n'kudziyang'anirapo.

"Mlongo, mundilembereko kalata."

"Inu, cholembera chili pathumbapo, simudziwa kulemba?"

"Ndimadziwa, koma chikuonereni inu dzanja langa likunjenjemera. Lembani kuti: Wokondedwa mlembi, ndayenda Bulawayo yense, koma maso ngati anuwo sindinawaone."

Dolly anaseka mpaka inki inadonthera pasiketi. Akanadziwa, akanalira tsiku lomwelo n'kuthana nazo.

Mwamunayo anali Paston Kamanga wa ku Usisya, woperekera zakudya m'sitima ya pamtunda ku Bulawayo. Anabwera patchuthi kudzaona mayi ake, koma masabata awiri anathera ku Chikale, kuyenda pamchenga ndi Dolly. Pakamwa pokha Mulungu anam'patsa mosaumira!

"Dolly wanga, shuga wa mu tiyi wanga," ankatero. "Mu Juni chaka chamawa ndidzatuma thenga kwa ada ako kudzakufunsira mwamwambo. Ndikanama, njanji idzandidule miyendo."

"Musalumbire choncho, a Paston."

"Koma usauze munthu kaye. Anthu a pano ndi ansanje."

Dolly anasungadi chinsinsi. Mphunzitsi wina dzina lake Cyrus atamufunsira, anamukana. Mayi ake a Dolly anakalipa mpaka mawu kusasa, koma iye sanaulule chifukwa chake. Akanati chiyani, poti mtima unali utakwera kale sitima?

Juni anafika, thenga osaoneka. M'malo mwake kunabwera khadi la chithunzi cha Mathithi a Vikitoliya.

"Duwa langa, tchuthi andimana. Azungu akuyenda ndi mabanja awo kuona malo, ine ndiye wowanyamulira mbale. Kuno chisanu chavuta ndipo ndili ndekhandekha. Ndinaima pamathithi, ndinalira pokumbuka iwe. Pirira pang'ono, thenga akubwera."

Dolly analipsompsona khadilo. Anamva chisoni kuti munthu wake akuzizidwa kudziko la eni popanda womufunda.

Tsiku lina la sitima mu Ogasiti, pakhondepo panafika mayi wachikulire, kalata ili m'manja.

"Yewu, mwana wangu. Ine ndine NyaLongwe, kwathu ndi ku Usisya. Ndinabwera kuchipatala, ndiye padokopa ndakumana ndi Gibson, mnzake wa mwana wanga, akutsika kuchokera ku Bulawayo. Wandipatsa kalata iyi. Kwathu amandiwerengera ndi aphunzitsi, koma mtima ukukana kudikira."

Dolly atangoona zilembo za paenivelopu, anazizindikira. Dzanja la Paston! Ndiye kuti awa ndi apongozi ake? Ananyamuka msanga, kuwapatsa mpando wake, iye n'kugwada pansi. Mumtima anati lero ndi lero, nkhani ya thenga ili m'menemu, ndipo dzina langa ndiliwerenga ndekha.

Anayamba ndi mawu okoma kuposa masiku onse.

"Ama, ndili bwino, kaya inu. Chaka chino akampani anandipatsa tchuthi cha mwezi wathunthu ndi chiphaso choyendera pasitima banja lonse. Choncho ndinatenga mpongozi wanu Rebecca ndi ana..."

Dolly analekera pomwepo, maso ali padzinalo.

"Werenga, mwana wangu. Kapena walemba Chingerezi?"

"Ayi, ama."

Ntchito yowerengera anthu ili ndi lamulo lake. Sudumpha liwu, suwonjezera liwu, ndipo ukayamba umalize, ngakhale utakhala uthenga wa maliro. Dolly anali atawerengerapo akazi anzake makalata owasudzula, nkhope yake osasintha. Lero mpeni unali utatembenukira mwini wake.

Anapitiriza kuwerenga.

"Tinapita ku Mathithi a Vikitoliya. Madzi ake amafuka ngati utsi, ndipo tonse tinanyowa. Mdzukulu wanu Davis analira, amvekere mvula yabwera mu Juni! Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. M'mawa udzu umayera ndi chisanu, koma Rebecca ndinamugulira chikhoti chaubweya, sanazizidwe. Tinaoloka mlatho wautali, kenaka tinapita ku Halale kukaona nyumba zosanja. Ama, chiyambire sindinasangalalepo chotere. Nkhani ina ndi yakuti Rebecca ndi woyembekezera."

NyaLongwe analulutira mpaka anthu a pamzere kucheuka.

M'kalatamo munali chithunzi. Paston anaima pafupi ndi mathithi, dzanja lili paphewa la mkazi wonenepa bwino, ana awiri ali patsogolo. Mano onse anali pamtunda. Kuseri kwa chithunzicho analembako tsiku, ndipo linali tsiku lomwe lija analembera Dolly kuti ali yekhayekha. Ndiye misozi inatuluka nthawi yanji? Khadi lija analilemba mkazi wake atapita kuti?

"Anakwatira liti, ama?" Dolly anafunsa motsitsa.

"Ukwati wa mutchalitchi, konko ku Bulawayo, chaka chachisanu ndi chiwiri chino. Chaka chatha anabwera yekha poti mkazi anali ndi khanda. Anachedwanso kufika kwathu, akuti malungo anamugwira pano pa Nkhata Bay."

Malungowo anali iye! Dolly anamva manyazi, anamva mkwiyo, ndipo koposa zonse anadzimva wopusa. Chaka chathunthu kudikira mwamuna wa mwini, kukana munthu wabwino, kuyambana ndi mayi ake omubala!

"Ukulira, mwana wangu?"

"Ndi fumbi, ama."

"Pepa. Tsono undilembere yankho, lipite ndi sitima yomweyi."

Dolly anatenga pepala, n'kuviika cholembera mu inki.

"Lemba kuti: Mwana wangu, ndakondwa. Amuna ena akapita kunja amasanduka agalu, kunamiza ana a eni, koma iwe sunandichititse manyazi. Umusamale Rebecca."

Dolly analemba liwu ndi liwu. Sanadumphe ngakhale la agalu lija.

"Pansipo uikepo dzina lako, monga muchitira alembi, kuti adziwe amene wandithandiza. Ndi mwana waulemu, adzakuthokoza."

Dolly anawayang'ana mayiwo. Akanatha kuwauza zonse pomwepo, pamaso pa mzere wonse. Koma iwo analakwa chiyani? Anawerama n'kulemba ndi zilembo zazikulu:

"Amene wawerengera mayi anu kalata yanu yonse, mokweza, ndi kuona chithunzi, ndine Dolly Manda. Thenga musavutike naye."

Anapinda pepalalo, kuliika mu enivelopu, n'kumata.

"Walemba zonse, mwana wangu?"

"Zonse, ama," anatero Dolly, misozi ili chuchuchu. "Palibe chatsala."