Miyendo Pansi pa Lole

Adriano ananyamuka ndi lole ya pa pulazi ku tauni ya Concession mochedwa. Mabelo a fodya anachedwa kutsitsidwa. Msana unkamuwawa, maso ali gwa ndi fumbi. Iye anali mwana wa m'tauni, wa ku Halale, ndipo misewu ya m'mapulazi sankaikonda.

Atafika pa kamlatho ka manda a antchito, singano ya oyilo inagwa. Injini inayamba kugogoda. Anazimitsa msanga. Mzungu mwini pulazi anali atanena kale: injini ikapsa, basa latha, nyumba ya pa komboni atulukemo ndi mkazi wake yemwe.

Anasiya lole nayamba wapansi kukafuna thandizo. Sanapite patali.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Chitsulo kumbuyo kwake. Anabwerera. Pansi pa lole panatuluka miyendo iwiri... yopanda nsapato.

"Ndipatseni sipanala, achimwene," anatero mawu a pansipo.

"Ndinu yani, mudala?"

"Simao. Mukuthirabe oyilo wotsala ku mathilakitala, wosefera pa saka? Ulusi wa saka watseka sefa ya pampu. Pampu ikapanda kukoka, oyilo safika kumtunda. Zitsulo zimadyana zouma."

Adriano anapereka sipanala. Zala zimene zinalandira zinali zozizira ngati mwala wa mumtsinje. Nyali panalibe. Munthuyo ankamasula mumdima, osaphonya. Kupuma kwake sikunkamveka.

"Muzitsuka sefayi ndi palafini. Oyilo akada, tayani. Ine ndatopa, achimwene... Ndatopa zedi. Bwana sanandiuzebe kuti ndiweruke."

Kenaka mawu aja anamvekanso.

"Lizani injini."

Analiza. Singano inakwera! Anatsika kuti athokoze. Anasuzumira pansi. Sipanala yokha, ili pa mchenga wouma.

Anayendetsa osacheuka.

Pa geti la pulazi, mlonda wokalamba, a Cipriano, anamuunika kumaso.

"Mwana wa m'tauni, wanjenjemera chiyani?"

"Lole inafa pa mlatho. A Simao andikonzera pampu."

Nkhalambayo inatsitsa nyali pang'onopang'ono, nikhala pa chitini chake.

"Simao ankayendetsa lole yomweyi. Chaka chimene chitaganya cha Fedulo chinayamba, analowa pansi pake pa mlathopo kukatsuka pampu. Jeke inaterereka. Tinamuika pomwepo, tsidya la msewu." Anapukusa mutu. "Kaimike bwino, mwanawe. Injini yapulumuka, basa ukadali nalo. Mawa kuli mabelo ena."