Timba Aphika Masikono

Panali kamtsikana kena kochangamuka. Kwawo ankakatcha Timba, chifukwa kanali kochepa ngati kambalame kaja. Timba anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuphikira Amayi masikono.

Amayi anali kuchipatala. Kumeneko kunabadwa khanda. Tsiku limenelo Amayi ankabwerera kunyumba. Azakhali anapita kukawatenga.

Amayi ankakonda tiyi. Koma tiyi wopanda sikono, ayi ndithu. Ankangomuyang'ana mpaka azizire.

"Bambo, tiyeni tiphike masikono," anatero Timba.

"Tiyeni!" anatero Bambo. "Nanga n'zovuta? Ine ndimamanga nyumba zathunthu."

Bambo anali mmisiri womanga nyumba. Manja awo anali aakulu. Manja awo anali olimba. Anathira ufa wa tirigu m'mbale. Anathira pauda wofufumitsa. Anathira shuga, majarini ndi mkaka.

"Ndithandize nawo?" anafunsa Timba.

"Iwe khala apo," anatero Bambo. "Timanja tako n'tating'ono. Ntchito iyi ndi yamphamvu."

Timba anakhala pampando. Mtima unamuwawa.

Bambo anakanda ufa. Anakanda ndi zibakera. Anakanda ngati akuponda matope. Tebulo linalira, kwee, kwee! Bambo anali thukuta kamukamu, koma osaleka.

Kenako anaumba masikono, naika thireyi mu uvuni. Anadikira. Masikono anapsa, koma sanafufume. Anali athyathyathya. Anali olimba gwa!

Bambo analuma sikono imodzi. Anagwira tsaya. Dzino linatsala pang'ono kuguluka.

"Mayo ine!" anatero Bambo. "Izi ndi njerwa!"

Timba anaseka. Kenako anasiya kuseka. Anasuzumira m'pepala la ufa. Ufa unatsala wochepa. Unali wongokwanira thireyi imodzi. Sitolo inali kutali, ndipo Amayi anali pafupi kufika.

"Bambo," anatero Timba, "Amayi sakanda choncho."

"Wadziwa bwanji, mwanawe?"

"Ndimawaonerera Loweruka lililonse. Amagwira ndi nsonga za zala basi. Amati ufa wa sikono sufuna ndewu."

Bambo anayang'ana manja awo. Anayang'ana timanja ta Timba. Anaganiza kaye.

"Zoonadi, timba sachepa ndi mazira ake," anatero Bambo. "Bwera, mayi. Lero kapitawo ndiwe."

Timba anasamba m'manja. Anakwera pakampando. Anathira ufa wonse wotsalawo. Anathira pauda ndi shuga. Anafikisa ufa ndi majarini. Anafikisa pang'onopang'ono. Anafikisa ndi nsonga za zala. Kenako anathira mkaka. Anasonkhanitsa ufa pamodzi, osaukanda.

Bambo manja ankawayabwa. Anasendera pafupi.

"Ndikanikizeko pang'ono pokha?"

"Iyayi, Bambo! Manja kumbuyo!"

Bambo anaika manja kumbuyo. Anaima chilili, munthu wamkulu wandevu zake.

Timba anayala ufa patebulo. Anavundikira kapu, nadula tozungulira. Anadula kamodzi. Anadula kawiri. Anadula mpaka ufa unatha. Bambo ndiwo anaika thireyi mu uvuni, chifukwa moto si wa ana.

Timba anagwada pagalasi la uvuni. Anadikira. Anadikirabe. Ankaopa kwambiri. Nanga akapanda kufufuma? Ufa wina panalibe.

"Bambo, taonani!" anafuula Timba. "Akukwera!"

Masikono anafufuma. Anafufuma, nafiira pamwamba. Fungo linadzaza khitchini. Fungo linadzaza nyumba yonse.

Bambo anatulutsa thireyi. Anatereka madzi a tiyi. Timba anayala nsalu patebulo. Anaika makapu anayi.

Galimoto inaima panja.

"Odi kuno!" anatero Azakhali.

Amayi analowa pang'onopang'ono. Ananyamula khanda m'shawelo. Nkhope yawo inali yotopa. Timba anathamanga nawakumbatira miyendo.

"Mlongo wako uyu," anatero Amayi.

Timba anasuzumira m'shawelo. Khanda linali m'tulo. Linafumbata timanja take.

Onse anakhala patebulo. Azakhali analandira khanda. Bambo anathira tiyi. Timba anapereka mbale ndi manja awiri.

Amayi anatenga sikono. Anainyema pakati. Nthunzi inatuluka. M'kati munali mofewa. Amayi analuma. Anamwera tiyi. Anatseka maso.

Timba anawayang'anitsitsa.

"Waphika ndani?" anafunsa Amayi.

Bambo anangoloza Timba ndi chala.

Amayi anamukokera pafupi. Anamupukuta ufa pamphuno. Maso awo analengeza misozi, koma ankamwetulira.

"Masiku atatu ndakhala ndikulakalaka zimenezi," anatero Amayi. "Mwanangu, tsopano ndafikadi kunyumba."