Kathabwa ka pa Gitala

Kachete ankapukuta fumbi pabalaza pang'onopang'ono, maso ali pa gitala ya mkulu wake imene inatsamira khoma. Amene anaikhoma ndi bambo awo, omwe anali kalipentala, ndipo madzulo aliwonse ankaphunzitsa wamkuluyo kuimba. Kachete ntchito yake inali yobweretsa mipando basi.

Koma makutu ake sankagona. Tsiku lina anamva bambo akuuza kasitomala kuti kathabwa kamene nsambo zimatsamirapo sikomata, ndipo kali ndi malo ake enieni. Kakasuntha, kutalika kwa nsambo kumasintha, moti ngakhale uchune bwanji, ukadina pakati pa khosi la gitala mawu amaphonya.

Sabata imeneyo bambo anali kutali, kokakhoma denga. Kachete anakankha kathabwako ndi chala, kamtunda kochepa ngati chikhadabo, n'kupitiriza kupukuta tebulo.

Madzulo mkulu wake anayamba kuyeserera, poti aphunzitsi a kwaya ankasankha woimba gitala mawa lake. Anachuna, nsambo iliyonse payokha n'kulira bwino. Koma nyimbo ikangofika pokwera, gitala inkalira ngati mphaka wopondedwa mchira. Anamasula, kumanga, kumasulanso. Mayi anafunsa ali kukhitchini ngati m'nyumba mwalowa mbuzi. Kachete anabisa nkhope m'buku, mtima uli mbee.

Mawa lake wamkuluyo anabwera kusukulu maso ali psuu. Anauza mayi kuti anzake anamuseka, aphunzitsi anasankha wina, ndipo anamulangiza kuti kuimba kumafuna makutu. Kenaka analowa kuchipinda n'kuika gitala pamiyendo pa mng'ono wake.

"Tenga, mwana wa amayi. Ndimakuona mmene umaiyang'anira. Ine makutu ndilibe."

Kachete anaigwira. Anali ataiota kwa nthawi yaitali, koma tsopano inkalemera ngati mwala. Mkulu wake anagona chafufumimba pabedi, nsapato zili kumapazi, mapewa akugwedezeka.

"Achemwali," anatero Kachete. "Makutu anu alibe vuto. Ndinasuntha kathabwa aka ndine."

Wamkuluyo anadzuka n'kumuyang'ana, kukamwa kuli yasa. Kachete anapitiriza.

"Bambo sanandifunsepo ngati inenso ndimafuna kuphunzira. Inunso simunandifunsepo. Mawa ndikawauza ndekha aphunzitsi zimene ndinachita, akandiseke ineyo. Koma mipando ija, achemwali, ndatopa nako kungobweretsa. Ndikufuna ndikhalepo."