Nyimbo ya Kuseri kwa Khoma

Ndinasamukira ku Woolwich, mu London, mu Novembala, nyengo imene kumada folo koloko. Ndimasamalira okalamba, ndipo ndikaweruka ndimangofuna bedi. Koma fulati yoyandikana ndi yanga sinkandilola.

Ikangokwana sikisi madzulo, nyimbo inkayamba. Mawu a mkazi ndi gitala basi, m'Chipwitikizi. Ikatha inkayambiranso. Ndinamenya khoma ndi nsapato. Ndinalowetsa kakalata pansi pa chitseko. Palibe chinasintha.

Choipa n'chakuti nyimboyo inandilowa. Tsiku lina ndikusambitsa agogo Filomena, nkhalamba ya ku Madeira komwe amalankhula Chipwitikizi, ndinapezeka ndikuiimba chapansipansi. Anandigwira dzanja n'kundimasulira. Akuti mkaziyo akuuza mwamuna kuti wamudikira zaka zonsezi, ndipo tsopano wazindikira kuti ankakonda munthu amene anangodziumbira yekha m'mutu. Kumapeto akuti sakuliranso, wangotopa.

Zinandinyansa. Mwamuna wanga Reinford anali atatha zaka zitatu ku Lilongwe akunena kuti abwera mwezi wamawa, ndipo sindinkafuna kuti khoma lizindikumbutsa.

Madzulo amenewo ndinakagogoda ndi chibakera. Nyimbo inaduka. Chitseko chinatseguka pang'ono. Panaima mayi wamfupi, atavala chijasi chonyowa, chonsecho kunja kunalibe mvula. Kumbuyo kwake kunali mdima. Sindinaone mpando, sindinaone wailesi. Munkangotuluka kuzizira.

Ndinamulalatira m'Chingerezi kuti enafe timadzuka faivi koloko, ndipo wosweka mtima si iye yekha mu London muno. Anandidikira mpaka ndinamaliza. Kenaka anayankha m'Chichewa, chenicheni cha kwathu ku Ntcheu.

"Etta, siyani kumusungira mbali yake ya bedi."

Dzina langa ndinali ndisanamuuzepo. Chitseko chinatsekeka.

M'mawa ndinakumana ndi a Mubanga pamasitepe, bambo wa ku Zambia amene wakhalitsa m'nyumbamo. Nditawafotokozera, anatsitsa mawu. Anati fulatiyo ilibe munthu kuyambira korona isanabwere. Munkakhala mayi wa ku Angola, ndipo anamupeza atafa patadutsa masabata atatu.

"Ine na bakazi banga sitinaimvelepo iyo nyimbo," anatero. "Bamene bamaimvela ni baja bosiyiwa. Benangu bakalibe no ziba kuti banasiyiwa."

"Ine sindinasiyidwe," ndinawayankha.

A Mubanga anangoyang'ana pansi.

Ndili pabasi ndinaimbira Reinford. Sindinkaimba nthawi ngati imeneyo. Foni inaitana kanayi. Anayankha mkazi, chapafupi khanda likulira. Anandifunsa mwaulemu kuti ndine ndani.

Ndinadula. Masana omwewo ndinaimbira mchemwali wanga, ndipo sanadabwe. Apongozi ankadziwa. Amayi a kutchalitchi ku Peckham, amene ndinkapemphera nawo za viza ya Reinford, ena ankadziwa. Khandalo linali ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Anthu amandifunsa ngati ndinachita mantha. Ndinachita, inde. Koma chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti pa anthu onsewo, amene analimba mtima kundiuza anali wakufa.