Nsagwada Imene Fanizo Sanaiboole

Kwa Ndamera kunali khomo lina limene munthu ukadutsapo m'mawa sunkalephera kumva nyimbo. Linali khomo la bambo Antonio, mlimi wa mapira amene ankagulitsanso mbuzi, ndi mkazi wawo mayi Anita, amene ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi. Makolo awo anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo ali chimanjamanja, ndiye anthu awiriwa ankadziwa kuti chinthu chimabwera ndi thukuta. Mwana wawo Fanizo anamulera ndi pemphero, namuphunzitsa mpaka anakhala dokotala wa mano pa kachipatala kena ku Nchalo. Mnyamatayo mutu unalipo ndithu, zimenezo sitingamunamizire.

Mayi Anita anali ndi vuto limodzi limene sankalitchula kawirikawiri. Mano awiri am'munsi, mbali ya kumanzere, anawazula kalekale, ndipo akatsegula pakamwa kuti akweze nyimbo mpatawo unkaoneka. Ankatafunira mbali imodzi. Fanizo anawalonjeza kuti tsiku lina adzawaika mano okhazikika, osati aja ovula pogona, ndipo mayiwo analisunga lonjezolo mumtima.

Mwezi wa Okutobala mwayi unapezeka. Pa malo ena ogona alendo kufupi ndi Kapichira kunakonzedwa maphunziro a masiku asanu a madokotala a mano, ophunzira kubzala mano. Ntchito yake ndi iyi: dokotala amaboola fupa la nsagwada, nalowetsamo kamsomali kachitsulo kopotapota, ndipo fupa likakagwira amavekapo dzino. Fanizo atapita kukatsanzika, bambo ake anamuperekeza mpaka pamsewu.

"Mwananga, kumeneko ukaphunzire ndi manja, osati ndi makutu okha," anatero bambo Antonio. "Pakamwa pamene ukufuna kudzaboolapo ndi pa mai ako."

Fanizo anayankha kuti wamva, koma maso anali kale pa minibasi.

Ophunzira analipo khumi ndi awiri. Mphunzitsi wawo anali Dokotala Prudence, mayi wamfupi wosaseka pachabe, amene anagwira ntchitoyi zaka zambiri kunja. M'mawa ankawaphunzitsa pa bolodi. Masana aliyense ankavala magolovesi ndi chophimba kukamwa, n'kupatsidwa nsagwada ya mbuzi kuti aiboole yekha, kufikira dzanja litazolowera kumva pamene fupa lalimba ndi pamene lafewa.

Tsiku loyamba masana, nsagwada zija zitatulutsidwa m'bokosi la ayezi, nkhope ya Fanizo inagwa. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo fungo la mbuzi linadzaza chipinda chonse. Linali fungo lomwe lija la kukhola kwa bambo ake, limene ankaganiza kuti analithawa atavala jasi loyera. Pambali pake panakhala Ernest, mnzake wa ku koleji, katswiri wa mawekishopu amene anayenda maphunziro ambirimbiri osatolako kanthu. Ernest anamugunda ndi chigongono.

"Ase, zaka zonse zija ku koleji, lero tizisenda mitu ya mbuzi ngati tili pa chiwaya? Ona, pepala losainira lili ndi malo awiri, m'mawa ndi masana. Wanzeru amasaina onse awiri m'mawa. Zotsalazo udzaonera pa foni."

Fanizo anaseka, nati iye sangachite zimenezo. Koma mawa lake pepala litafika m'manja mwake, cholembera chinayenda kawiri. Atangodya nkhomaliro anazemba ndi Ernest pa galimoto, ulendo wa ku Dyeratu, kumene anakakhala pamthunzi wa bala ina mabotolo ozizira ali patebulo. Fanizo sanali munthu wa mowa kwenikweni. Tsikulo anamwa awiri okha, nadziuza kuti mawa sajomba.

Tsiku lachitatu m'mawa Dokotala Prudence anaimirira kutsogolo atanyamula mbale. M'mbalemo munali nsagwada ziwiri zosaboola. Ananena kuti masana anthu amakhala ataphimba nkhope ndipo iye sangawadziwe onse, koma dzulo nsagwada ziwiri zinatsala pamene pepala likuonetsa kuti onse analipo. Anafunsa eni ake. Palibe amene anakweza dzanja.

"Chabwino," anatero. "Sindine wapolisi. Koma amene muli eni ake, lero masana lokha musajombe. Lero tiphunzira za mtsempha. Mukaphonya phunziro limeneli, wolira sadzakhala inu."

Mawu amenewo anamulasa Fanizo, ndipo pa nkhomaliro anauza Ernest kuti iye atsala. Ernest anangoseka, nafunsa ngati mwana wa wogulitsa mbuzi wayamba kusowa kwawo. Anawonjeza kuti ku Dyeratu kuli atsikana awiri amene dzulo anafunsa za dokotala wamtali uja. Basitu, chifukwa cha mawu opusa ngati amenewo, Fanizo anakwera galimoto.

Masana amenewo anzake khumi anaphunzira chinthu chimene chikanapulumutsa banja la bambo Antonio. M'kati mwa nsagwada yam'munsi mumadutsa mtsempha umene umachititsa kuti mlomo ndi chibwano zizimva. Anaphunzira kuupeza pa chithunzi cha m'kati mwa fupa, kuyeza kutalika kwake, ndi kuveka kamphete pa chobowolera kuti chisapitirire muyeso. Aliyense anaboola mbuzi yake mpaka kuugunda dala mtsemphawo, kuti dzanja lidziwe mmene zimamvekera. Ndipo Dokotala Prudence anabwereza katatu kuti wodwala akadzuka mawa lake mlomo udakali dzanzi, kamsomali kachotsedwe tsiku lomwelo, chifukwa kuchedwa kumapha mtsempha. Nthawi imeneyo Fanizo anali pa botolo lachisanu, akuvina.

Lachisanu onse analandira masatifiketi, poti pepala losainira linali lodzaza bwinobwino. Dokotala Prudence anawachenjeza kuti pepalalo likungonena kuti munthu anafika pa maphunziro, silikunena kuti watha ntchito. Odwala oyamba, anatero, aliyense awagwire iye ali pambali, ndipo anapereka nambala yake ya foni. Fanizo anailemba kuseri kwa kabuku, osaiyang'ananso.

Atafika kwa Ndamera ndi satifiketi ya m'felemu, mayi Anita analiza nthungululu mpaka anansi anatuluka m'nyumba. Bambo Antonio anaigwira ndi manja awiri, nati takhuta, ndiko kuthokoza kwa Chisena, kenaka anafunsa mwana wawo ngati manja ake aikhozadi ntchitoyo. Fanizo anayankha kuti anaboola nsagwada zosawerengeka. Bodza limenelo linatuluka mosavuta moti mwini wake anadabwa.

Kuitana Dokotala Prudence sakanatha, poti mayi uja akanangoona kagwiridwe kake n'kudziwa zonse. Choncho anabwereka zida kwa Ernest, naonera mavidiyo angapo pa foni, naitanitsa mayi ake ku Nchalo Loweruka lina pamene mwini kachipatala kunalibe. Mayi Anita anabwera atavala chitenje chatsopano, napemphera asanakhale pampando. Fanizo anajambula kachithunzi kamodzi, nakayang'ana mothamanga, nabaya jakisoni wa dzanzi. Za kamphete sankazidziwa n'komwe.

Bowo loyamba linayenda bwino, ndipo mtima wake unakula. Pa lachiwiri, chobowolera chinangoti fwa, kulowa ngati chaponda m'matope. Mayi Anita anadzidzimuka thupi lonse, miyendo n'kuwongoka, ndipo magazi anadzaza pabowopo. Atawafunsa, ananena kuti amva ngati magetsi awagwira mlomo. Munthu amene anaboolapo mbuzi Lachitatu lija akanaima pomwepo. Fanizo anapukuta magazi, nalowetsa kamsomali, nakamanga zolimba, nauza mayi ake kuti zimatero.

Mawa lake, pobwera ku Misa, mayi Anita anaimba foni. Anati sakufuna kumuvutitsa, koma mlomo ndi chibwano mbali ya kumanzere sizikumva kanthu, ndipo tiyi akungotayikira pa bulauzi. Fanizo anali ku bala ndi Ernest. Anatseka foni ndi dzanja n'kufunsa mnzakeyo, ndipo Ernest anati ndi jakisoni chabe, azimayi akuluakulu amachedwa kutsitsimuka. Fanizo anabwereza mawu omwewo kwa mayi ake. Mumtima mantha analimo, ndipo kabuku kokhala ndi nambala kaja kanali m'chikwama chake, koma manyazi anamukulira kuposa chisoni.

Sabata inatha, kenaka mwezi. Dzanzi silinachoke, ndipo pamwamba pake panabwera ululu wotentha ngati wathira tsabola pabala. Mawu ena anayamba kuwakanika kutchula. Lamulungu lina anaimirira kuti ayambitse nyimbo ya pa chopereka, mawu anatuluka opotoka, malovu n'kutsikira pachibwano iwo osadziwa, ndipo ana a kutsogolo anaseka. Kuyambira tsikulo nyimbo ankayambitsa ndi mayi Teresa, ndipo mayi Anita ankakhala kumbuyo atagwira kansalu pakamwa. Fanizo anasiya kupita kumudzi. Foni ikaitana ankangoiyang'ana, ndipo mowa tsopano unali wa tsiku ndi tsiku.

Patatha miyezi itatu bambo Antonio anatopa nazo. Anafika ku Nchalo ndi mkazi wawo osanena, nauza Fanizo kuti awatengere kwa amene anamuphunzitsa, ndipo sachoka pakhomo mpaka zitatero. Onse atatu anakwera mapiri kupita ku Blantyre, kumene Dokotala Prudence ankagwira ntchito.

Dokotala Prudence anajambula nsagwada, nayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kamsomali kanali katadutsa pakati penipeni pa mtsempha. Anagwira mlomo wa mayi Anita ndi kasingano, mayiwo osaphethira n'komwe. Ananena mofatsa kuti kamsomaliko akachotsa, ndipo mwina ululu udzachepa, koma kumva sikudzabweranso. Akanabwera mawa lake lenilenilo atangowaboola, mwayi unalipo. Kenaka anatembenukira kwa Fanizo.

"Dokotala, tsiku limene tinaphunzira za mtsempha, munalipo?"

Fanizo asanatsegule pakamwa, mayi ake anamuyankhira, mawu akutuluka movutika.

"Analipo, adokotala. Pepala lake lili pakhoma kwathu. Mwana wanga sanama. Ndi thupi langali lakana."

Apa m'pamene Fanizo anasweka. Anagwada pa simenti ya chipatala, naulula zonse, za kusaina kawiri, za ku Dyeratu, za foni ya Lamulungu lija. Bambo Antonio anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja.

"Ndinakufunsa," anatero. "Ukanangoti sindinathe, baba. Mai ako akanadikira. Anadikira kale zaka khumi."

Nkhaniyo inafika ku bungwe loyang'anira madokotala, monga inayenera kufikira, ndipo Fanizo anamulanda chilolezo chogwirira ntchito. Mwini kachipatala anamuchotsa. Ernest anatumiza munthu kudzatenga zida zake, ndipo atafunsidwa anati Fanizo amangomudziwa patalipatali. Mnyamata amene mudzi wonse unkamutchula kuti adokotala anabwerera kwa Ndamera ndi chikwama chimodzi.

Mowa anausiya, ndipo anakalapa kwa ansembe. Mayi ake anamukhululukira tsiku lomwe anafika, poti mtima wa mayi ndi wotero. Koma kukhululuka sikulumikiza mtsempha. Tsiku lina masana akudya limodzi pakhonde, Fanizo anakweza maso naona magazi akutsika pachibwano cha mayi ake, kudontha m'mbale. Anali atadziluma mlomo kwambiri, ndipo ankangotafunabe, osamva kanthu. Fanizo anatenga kansalu nayamba kuwapukuta, misozi ili mbwembwembwe. Mayi Anita anamuyang'ana modabwa.

"Ukulira chiyani, mwananga? Ndiwo zaipa?"

Fanizo anangopitiriza kuwapukuta. Mayiwo adzadya chomwecho mpaka tsiku la imfa yawo, ndipo iye adzakhala akuona.

Inu achinyamata amene muli pa sukulu ndi pa maphunziro a ntchito, imvani bwino. Ulesi ndi tchimo, kusainira ntchito imene sunagwire ndi bodza, ndipo mowa ndi mnzako woipa zimangokuthandiza kuiwala kuti wanama. Mphunzitsi ukhoza kumupusitsa, pepala ukhoza kulilandira, koma tsiku lidzafika pamene munthu wamoyo adzagona pamaso pako atakukhulupirira, ndipo manja ako adzachita zokhazo zimene anaphunzira. Ukalakwa, nena msanga nthawi ikadalipo. Mulungu amakhululukira wolapa, koma zimene wawononga pa thupi la mnzako zimatsala pomwepo, ndipo kawirikawiri wovulalayo amakhala amene anakukonda koposa.